Zimene Sikelo Singayeze: Kakulidwe ka Mwana m'Makomboni a Lusaka

Kakulidwe ka mwana, monga momwe akatswiri a zaumoyo ndi a maphunziro amakalongosolera, kali ndi mbali zitatu zimene zimadalirana ngati mafuwa atatu ochirikiza mphika umodzi. Mbali yoyamba ndi ya thupi, imene imaonekera pa kulemera, kutalika ndi mphamvu za khosi, msana, miyendo ndi zala. Yachiwiri ndi ya mtima, kutanthauza momwe mwana amaphunzirira kukhulupirira anthu, kuopa, kukondwa, kupsa mtima ndi kudziletsa. Ndipo yachitatu ndi ya nzeru, yomwe ndi kuzindikira zinthu, kukumbukira, kulankhula ndi kupeza njira pamene wakumana ndi chovuta. M'mbali zonse zitatuzi muli zinthu zimene ana ambiri amayamba kuchita akafika miyezi kapena zaka zofanana, monga kumwetulira, kukhala pansi, kukwawa ndi kutchula mawu oyamba, ndipo zinthu zimenezi ndizo zimatchedwa zizindikiro za kakulidwe.

M'makomboni a mzinda wa Lusaka, momwe mumakhala ambiri mwa anthu oposa 2 miliyoni amene anawerengedwa m'boma la Lusaka pa kalembera wa 2022, mbali imene imayezedwa mwezi ndi mwezi ndi ya thupi. Pa tsiku la sikelo, ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama komanso ku zipatala zazing'ono za Kalingalinga, Mtendere ndi George, mayi amamasula chitenje, kumuvula mwana, kumulowetsa m'kathumba kokolowekedwa pa sikelo, kenako wazaumoyo amalemba kadontho pa khadi, ndipo timadontho timeneti tikalumikizidwa timapanga mzere woonetsa ngati mwana akukwera, waima kapena akutsika. Ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa mzere ukaima umachenjeza kholo matenda asanaonekere ndi maso. Komabe sikelo singanene ngati khanda limacheuka likaitanidwa dzina, ngati limatonthola likanyamulidwa ndi mayi ake, kapena ngati limafunafuna supuni imene yagwera kuseri kwa mbale. Zimenezi zimaonedwa ndi okhala naye mwanayo tsiku lonse: mayi, bambo, agogo, mchemwali wake ndi mnansi wa khomo loyandikana.

Thupi limalimba kuchokera kumutu kutsikira kumapazi

Mphamvu za thupi la khanda zimabwera mwa ndondomeko imodzi kulikonse padziko, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Khosi ndilo limayamba kulimba, pa miyezi 3 kapena 4, kenako mwana amayamba kugubuduka, msana umalimba mpaka atakhala pansi popanda chomutsamiritsa, ndipo pambuyo pake miyendo imapeza mphamvu zokwawira, zoimirira ndi zoyendera. Kulemera kwake kumawirikiza kawiri pofika miyezi 5 kapena 6 ndiponso katatu pofika chaka chimodzi, pamene mano oyamba amamera nthawi zambiri cha pa miyezi 6.

Chimene chimasiyana pakati pa mwana ndi mnzake ndi nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatsatira ana athanzi m'mayiko a Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2006, zinaonetsa kuti pafupifupi ana onse anakhala pansi okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, anakwawa pakati pa miyezi 5 ndi 13 ndi theka, ndipo anayenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18, pomwe ana 4 mwa 100 aliwonse sanakwawe ndi manja ndi maondo n'komwe. Tanthauzo lake ndi lakuti m'nyumba ziwiri zogundana ku Chawama, mwana wina atha kuyenda pa miyezi 10 ndipo wina pa miyezi 15, onse awiri ali bwinobwino. Kholo lodziwa kutalika kwa nyengo zimenezi silivutika mtima ndi mawu a pampopi ofanizira mwana wake ndi wa eni, komanso limadziwa malire amene akadutsidwa mpofunika kufunsa kuchipatala.

Manja nawo ali ndi ulendo wawo. Khanda limabadwa litafumbata, pa miyezi 4 kapena 5 limatambasula dzanja kuti ligwire mkanda wa mayi ake, ndipo pakati pa miyezi 9 ndi 12 limatha kutola kanyenyeswa ka nsima pogwiritsa ntchito chala chachikulu ndi chamkombaphala. Luso limeneli ndi chiyambi cha kudya yekha, kumanga batani ndi kugwira pensulo, koma m'chipinda chimodzi chimene chili chogona, chophikira ndi chosungiramo katundu, limabweretsanso ngozi, popeza chilichonse chotoledwa chimapita kukamwa, kaya ndi khala, mankhwala a makoswe kapena parafini wothiridwa m'botolo la zakumwa. Nyengo yokwawa ndi yodzandira ndiyonso imene ana ambiri amapsa ndi mbaula kapena madzi owira. Kubereka mwana kumbuyo kumamuteteza ku zimenezi ndipo kumamupatsa kufunda ndi mtendere, koma minofu yake imafunanso nthawi yokhala pansi, pa mphasa kapena chitenje choyera, kutali ndi moto, akugona chafufumimba ali maso ndipo wamkulu akumuyang'anira.

Pamutu pa khanda pali liwombo, malo ofewa pamene mafupa a chigaza sanalumikizane kuti ubongo upeze mpata wokula, ndipo nthawi zambiri limatsekeka pakati pa miyezi 12 ndi 18. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, chimene chachitika ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo chomupulumutsa ndi kuyamwa pafupipafupi, madzi a mchere ndi shuga a m'timapaketi ta kuchipatala, ndi kufika msanga kwa azaumoyo, chifukwa mankhwala opaka pamutu sangabwezeretse madzi amene atayika.

Masiku 1,000 oyamba, chakudya ndi madzi

Kuyambira pamene mayi watenga pakati kufika pamene mwana wakwanitsa zaka 2 pamapita masiku pafupifupi 1,000, ndipo m'nyengo imeneyi ubongo umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wa munthu. Mwana akasowa chakudya choyenera kapena akamadwaladwala m'masiku amenewa amapinimbira, ndiko kunena kuti amakhala wamfupi poyerekeza ndi zaka zake, ndipo kupinimbira kumayendera limodzi ndi kuchedwa kuyenda, kuchedwa kulankhula ndi kuvutika m'kalasi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 40 m'kafukufuku wa 2013 ndi 2014, ndipo ana oposa theka anali ndi magazi ochepa. Pozindikira kukula kwa vutoli, boma kudzera ku bungwe la National Food and Nutrition Commission linakhazikitsa ndondomeko yapadera yoona za masiku 1,000 oyambawa.

M'komboni chakudya chimagulidwa tsiku ndi tsiku, kapaketi ka ufa kamene anthu amati pamela, kamulu ka tomato ndi kabotolo ka mafuta, kotero kuti phala la mwana limakhala loyamba kuchepetsedwa ndalama zikavuta. Malangizo a zaumoyo ndi akuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osapatsidwa ngakhale madzi, kenako ayambe phala lolimbirako lothira nsinjiro, kapenta wosinja, dzira, nyemba kapena masamba monga nkhwani, uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Mimba ya khanda ndi yaing'ono, ndipo phala lamadzimadzi la ufa woyera limaidzaza popanda kupereka zomanga thupi zokwanira, chomwechonso timapaketi ta zokhwasula-khwasula ndi zakumwa zotsekemera za pa kantemba, zimene zimatontholetsa mwana koma n'kumuphera njala ya chakudya chenicheni.

Chakudya chokha sichikwanira ngati madzi ndi odetsedwa. Dera la Kanyama lili pa thanthwe la miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasefukira n'kuipitsa zitsime zosaya. Matenda a kolera anavuta ku Lusaka kuyambira October 2017 mpaka m'chaka cha 2018, ndipo anabweranso mu October 2023 mwamphamvu kotero kuti bwalo la masewero la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo othandizira odwala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu January 2024. Kolera imaoneka ndipo imachititsa mantha, koma pali vuto lina lachete limene akatswiri a sukulu ya zachipatala ya University of Zambia, kuphatikizapo Beatrice Amadi ndi Paul Kelly, akhala akulifufuza kwa zaka zambiri m'komboni ya Misisi: matumbo a mwana amene amameza tizilombo tsiku ndi tsiku amatupa ndi kuwonongeka m'kati, mwakuti amalephera kuyamwa bwino zofunika za m'chakudya ngakhale mwanayo asakutsegula m'mimba. N'chifukwa chake kusamba m'manja ndi sopo, kuthira kolorini m'madzi akumwa, katemera, pamodzi ndi vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba amene amaperekedwa kawiri pachaka pa sabata ya umoyo wa ana, zonsezi ndi mbali ya kulera nzeru za mwana.

Mtima umaphunzira kukhulupirira

Chizindikiro choyamba cha mbali ya mtima ndi kumwetulira kobwezera nkhope ya munthu, kumene kumayamba pa masabata 6 mpaka 8. Pa miyezi 4 mwana amaseka mokweza, ndipo pakati pa miyezi 6 ndi 9 amayamba kukana alendo, kulira ndi kukakamira amene amamudziwa. Makolo ena amachita manyazi mwana akakana azakhali ake ochokera ku Chipata kapena ku Katete, koma kukana kumeneku ndi umboni wakuti ubongo wake tsopano ukusiyanitsa nkhope ndiponso kuti wapeza anthu amene amawadalira. Katswiri wa maganizo a ana Mary Ainsworth, amene anakhala pakati pa mabanja a pafupi ndi Kampala ku Uganda mu 1954 ndi 1955, anaona kuti khanda limene mayi ake amaliyankha msanga likalira limakwawa molimba mtima kukaona zinthu patali, n'kumabwerera kwa mayiyo likachita mantha, ndipo zimene anaona kumeneko zinakhala maziko a chiphunzitso chimene chimatsatidwa padziko lonse masiku ano. Choncho kunyamula khanda lolira sikuliwononga. Kumaliphunzitsa kuti likaitana pali womva.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo m'makomboni mawuwa amaoneka tsiku lililonse. Mayi amene amalawira mbandakucha kukapikula masamba kumsika wa Soweto amasiya mwana kwa agogo, kwa mnansi kapena kwa mchemwali wake, ndipo mwana amatha kudalira anthu angapo popanda kusokonezeka, malinga ngati anthuwo sasinthasintha ndipo amamuyankha mwachikondi. Vuto limabwera pamene mlezi ali mwana wa zaka 6 kapena 7 amene wasiyidwa yekha tsiku lonse ndi khanda, mbaula ndi msewu, chifukwa iyeyo akusowabe womulera. Mtima wa mayi nawonso ndi wofunika kuuyang'anira, pakuti mayi amene wagwidwa ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa atabereka, kapena amene amamenyedwa m'banja, amasowa mphamvu zoyang'ana, zoseka ndi zoyankha khanda lake, ndipo kumuthandiza iyeyo ndiko kuthandiza mwana.

Pakati pa chaka chimodzi ndi theka ndi zaka 3 mwana amazindikira kuti ndi munthu payekha wokhala ndi zofuna zake, koma mawu ofotokozera zofunazo ndi mphamvu zodziletsa zimakhala zisanakhwime, ndipo apa ndi pamene amadzigwetsa pansi, kukuwa ndi kukana chilichonse. Kumumenya kumamuletsa kwa kanthawi chifukwa cha mantha, koma kudziletsa amakuphunzira kwa wamkulu amene amaima pa mawu ake modekha ndi kumuuza dzina la chimene akumva, kuti wakwiya kapena watopa. Lamulo la ana la Children's Code Act la mu 2022 linaletsa kulanga mwana pomumenya mu Zambia. Pofika zaka 4 ndi 5 mwana woleredwa moleza mtima amatha kudikira nthawi yake pa masewero, kugawana ndi anzake ndi kumvera chisoni mnzake amene wagwa.

Nzeru, chilankhulo ndi galimoto ya waya

Katswiri wa ku Switzerland Jean Piaget anaonetsa kuti khanda laling'ono likabisiridwa chinthu limaleka kuchifuna, koma cha pa miyezi 8 kapena 9 limavundukula nsalu n'kuchipeza, chifukwa layamba kusunga m'maganizo chithunzi cha chinthu chimene maso sakuchiona. Chilankhulo chimakula mofananamo: timawu tongotuluka pa miyezi 2 kapena 3, kubwereza "ba-ba" ndi "ma-ma" pa miyezi 6 mpaka 9, mawu oyamba enieni ndi kuloza ndi chala cha pa chaka chimodzi, kulumikiza mawu awiri monga "amama madzi" pa zaka 2, ziganizo zazifupi pa zaka 3, ndi kufotokoza nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera pa zaka 4 kapena 5. Mwana wa ku Matero kapena ku George amamva Chinyanja pabwalo, Chibemba kumsika, Chingerezi pa wailesi ndipo mwina Chitonga kapena Chinsenga kwa agogo, ndipo kusakaniza mawu kwake sikutanthauza kuti wasokonezeka, popeza ubongo wa mwana umatha kuphunzira zilankhulo zingapo nthawi imodzi. Chimene chimakulitsa chilankhulo ndi kuyankhulana kobwezerana, pamene mayi akutchula dzina la tomato, mpeni ndi mphika uku akuphika, n'kudikira kuti mwana ayankhe. Foni siyankha mwana, ndipo malangizo a World Health Organization a mu 2019 amati khanda lisamaonetsedwe makanema, pamene wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Pa nkhani yoyeza nzeru, mzinda wa Lusaka unapereka phunziro kwa dziko lonse. Robert Serpell wa ku University of Zambia, amene pambuyo pake anadzatsogolera yunivesiteyo, anafalitsa mu 1979 kafukufuku woyerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku England pa ntchito yokopera maonekedwe a zinthu. Atapatsidwa pepala ndi pensulo ana a ku England anapambana, atapatsidwa waya ana a ku Lusaka anapambana, ndipo pa kuumba magulu awiriwa anafanana. Chifukwa chake chimaoneka m'tinjira ta Kalingalinga ndi Mtendere, momwe mnyamata wa zaka 8 amawongola waya ndi mwala, kupinda mbali ziwiri za galimoto kuti zilingane, kukulunga mawilo, kumanga polumikizira ndi mphira wa chubu, ndi kuika chiwongolero chachitali chimene chimatembenuzadi mawilo akutsogolo. M'ntchito imeneyi muli kuyeza, kulinganiza, kuleza mtima ndi kukonza cholakwika. Kuchokera m'maganizo amenewa munatuluka mayeso otchedwa Panga Munthu, momwe mwana amaumba munthu ndi dongo m'malo momujambula, ndipo ku Malawi kunakonzedwanso njira yoyezera kakulidwe ka ana yogwirizana ndi moyo wa kumudzi, imene inafalitsidwa mu 2010.

Serpell anafunsanso akuluakulu a m'midzi ya Achewa m'boma la Katete za mwana amene amamutcha wanzeru, ndipo anapeza kuti kwa iwo nzeru zimaphatikiza kuchenjera ndi kutumikira, ndiko kukhala womva, wokhulupirika ndi wotha kutumidwa. Kutuma mwana wa zaka 3 kuti atenge chikho, kapena wa zaka 6 kuti akagule mchere ndi machesi pa kantemba n'kubwera ndi chenji, kumafuna kuti amve malangizo, awasunge m'mutu, akane zomucheukitsa panjira ndi kumaliza ntchito, ndipo luso lomwelo ndi limene lidzafunike m'kalasi. Masanje, chiyato, nsolo ndi mpira wa chimpombwa zimaphunzitsa kuwerenga, kutsatira malamulo ndi kulolerana. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira m'makalasi a ana aang'ono, koma mwana amalowa pakhomo la sukulu atanyamula kale zimene anaphunzira pabwalo la kwawo.

Pamene kudikira kumawononga

Kutalika kwa nyengo za zizindikiro kuli ndi malire ake. Mwana amene samwetulira pofika miyezi 3, amene khosi lake silinalimbe pa miyezi 4 kapena 5, amene sakhala yekha atadutsa miyezi 9, amene sayenda kapena kutchula mawu alionse pa miyezi 18, kapena amene salumikiza mawu awiri atadutsa zaka 2, ayenera kuonedwa ndi azaumoyo. N'chimodzimodzinso mwana amene sadzidzimuka ndi phokoso, sayang'ana munthu m'maso, ali ndi thupi louma gwa kapena lolobodoka, amagwiritsa ntchito mbali imodzi yokha, amakomoka ndi kuphupha, kapena wasiya kuchita zimene ankatha kale. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, miyezi yake imawerengedwa kuyambira tsiku limene ankayembekezeka kubadwa mpaka atakwanitsa zaka 2.

Zoyambitsa kuchedwa kotereku zimadziwika: kubanika pobadwa, chikasu champhamvu m'masiku oyamba, malungo okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi, mafinya a m'khutu amene amagonthetsa, kunyentchera, kapena kachilombo ka HIV kamene sikanapezeke msanga. Pamene banja likufunafuna amene walodza kapena amene waphwanya mwambo, mayi amasenzetsedwa mlandu umene si wake, mwana amabisidwa m'nyumba, ndipo miyezi imene ubongo ukanaphunzira msanga imatayika. Njira yothandizira ilipo, kuyambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera, kupita ku zipatala za Kanyama, Matero kapena Chawama, mpaka kuchipatala cha ana cha ku University Teaching Hospital, ndipo chipatala cha Beit CURE chimathandiza ana a mapazi opindika ndi a mavuto a makutu. Mwana wolumala amene wayamba msanga mafizo ndi kuphunzitsidwa kulankhula amafika patali kuposa amene anadikiritsidwa, ndipo amafuna kuseweredwa naye ndi kutulutsidwa pabwalo monga mwana wina aliyense.

Mu 2018 mabungwe a World Health Organization, UNICEF ndi World Bank anagwirizana kuti mwana amafuna zinthu zisanu kuti akule mokwanira: thanzi, chakudya choyenera, chitetezo, mlezi womuyankha, ndi mwayi wophunzira ali wamng'ono. Zina mwa izi, monga mipopi ya madzi abwino, ngalande, zimbudzi zosasefukira ndi mabwalo osewerera, banja la ku Kanyama silingazipeze palokha, ndipo ndi ngongole imene boma ndi khonsolo ya mzinda ali nayo kwa ana amene sangadzilankhulire. Zina zili kale m'manja mwa banja, ngakhale la chipinda chimodzi. Kholo lopita ku sikelo limanyamula khadi m'chikwama, koma liyenera kunyamulanso m'mutu zimene laona mwezi umenewo, kuti mwana wayamba kuloza, kuti akutola ndi zala ziwiri, kapena kuti sakucheuka akaitanidwa, ndi kuzinena kwa wazaumoyo ngakhale mzere wa odikira uli wautali. M'mera mpoyamba, ndipo amene amaona mmerawo tsiku ndi tsiku ndiye woyamba kudziwa ngati ukufuna madzi.